Matenda a Chiwindi Okhalitsa, Tizilombo ndi Chitetezo cha M'thupi: Mafunso ndi Mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene odwala chiwindi ndi owasamalira amafunsa mobwerezabwereza. Akuyambira pa zoyambirira n'kumapita ku zozama. Milingo ya mankhwala yatchulidwa kuti mumvetse zimene zikuchitika, osati kuti mudzipatse nokha chithandizo.

Kodi akamati matenda a chiwindi okhalitsa amatanthauza chiyani?

Ndi vuto lililonse limene lakhala likuwononga chiwindi kwa miyezi yoposa 6. Zoyambitsa zazikulu ndi tizilombo ta hepatitis B ndi C, mowa, mafuta ochuluka m'chiwindi amene amayendera limodzi ndi kunenepa kwambiri ndi matenda a shuga, likodzo la m'matumbo, komanso chitetezo cha m'thupi chikatembenukira chiwindi cha mwiniwake.

Chiwindi chimatha kudzikonza chokha, koma chikamavulala chaka ndi chaka, pamalo ovulalapo pamatsala zipsera. Zipserazo zikafalikira chiwindi chimauma, chimachita timibulu, ndipo magazi amavutika kudutsamo. Apa ndi pamene madokotala amati cirrhosis. Munthu akhoza kukhala nayo zaka zambiri osadziwa. Zinthu zimasintha pakaoneka chimodzi mwa izi: madzi m'mimba, chikasu, kusanza magazi, kapena kusokonezeka mutu. Mayankho ambiri pano akunena za munthu amene wafika pamenepa.

Nanga chiwindi chimagwirizana bwanji ndi chitetezo cha m'thupi?

Magazi ochokera m'matumbo sapita kumtima mwachindunji. Amasonkhana mumtsempha waukulu wotchedwa portal vein n'kuyamba adutsa kaye m'chiwindi. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a magazi olowa m'chiwindi amabwera njira imeneyi. Magaziwa amanyamula chakudya chogayika, koma amanyamulanso zidutswa za mabakiteriya, nthawi zina ngakhale amoyo, chifukwa m'matumbo mwa munthu aliyense, wathanzi yemwe, muli mabakiteriya osawerengeka. Chiwindi chili ngati sefa imene yaikidwa pakati pa matumbo ndi thupi lonse.

M'mbali mwa timitsempha ta m'chiwindi mumakhala maselo amene Karl Wilhelm von Kupffer anawafotokoza mu 1876, ndipo mpaka lero amatchedwa ndi dzina lake. Ntchito yawo ndi kugwira ndi kumeza tizilombo timene tikudutsa. Mwa maselo onse omeza tizilombo amene amakhazikika m'ziwalo za thupi, ochuluka kwambiri ali m'chiwindimu.

Chiwindi chimapanganso mapuloteni olimbana ndi matenda. Ena, otchedwa complement, amamatirira pa bakiteriya kuti maselo oyera a m'magazi amuzindikire n'kumudya. Ina ndi CRP, imene madokotala amayeza pofuna kudziwa ngati m'thupi muli kutupa.

Palinso ntchito ina imene anthu sailankhula kwambiri. Chiwindi chimayenera kudziwa kulekerera. Chikanati chizilusira chilichonse chachilendo chochokera m'matumbo, bwenzi tikudwala pakatha chakudya chilichonse. Kufatsa kumeneku n'kofunika, koma ndi kumenenso kumapatsa mpata tizilombo ta hepatitis B ndi C kukhazikika m'chiwindi kwa moyo wonse.

Ndiye chiwindi chikauma chimasokonekera n'chiyani?

Zinthu zingapo zimawonongeka nthawi imodzi, ndipo china chimakulitsa chinzake.

Magazi akalephera kudutsa m'chiwindi cholimba, amadzadzana mu portal vein n'kudzifunira njira zam'mbali, kudzera m'mitsempha ya kummero, ya m'chifu ndi ya pakhungu la mimba. Magazi oyenda njira zimenezi amafika kumtima asanakumane ndi maselo a Kupffer. Nthawi yomweyo khoma la matumbo limatupa chifukwa cha kudzadzana kwa magaziko, n'kuyamba kulola mabakiteriya kudutsa. Matumbo amayendanso pang'onopang'ono, ndulu imachepa, choncho mabakiteriya amachulukana ngakhale m'matumbo aang'ono, mmene sayenera kuchuluka. Tizilombo tolowa timachuluka pa nthawi imene chotigwira chafooka.

Kapamba (spleen) naye amatupa ndipo amasunga maselo oyera ndi maselo oundanitsa magazi, moti m'magazi oyenda amachepa. Maselo oyera otsalawo, makamaka ma neutrophil, amachedwa kufika pamalo pamene pali tizilombo, ndipo akafika sapha bwino. Complement amachepa chifukwa chomupanga chadwala. Onjezanipo kuonda, kutha kwa minofu, shuga kapena mowa, ndiye mumvetsa chifukwa chake kachilonda kakang'ono ka pamwendo kamatha kugoneka munthu m'chipatala.

Ena amati chitetezo changa chatsika, ena amati thupi langa likutupa chifukwa chitetezo chalusa. Zoona ndi ziti?

Zonse ziwiri n'zoona, ndipo pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse. Popeza zidutswa za mabakiteriya zimalowa m'magazi usana ndi usiku, maselo a chitetezo sapuma. Amangotulutsa timadzi toitanira nkhondo totchedwa cytokine. Timadzi timeneti timafutukula mitsempha, kuthamanga kwa magazi kumatsika, ndipo impso zimalandira magazi ochepa. Koma maselo amene akhala akudzutsidwa chonchi kwa miyezi amatopa. Bakiteriya weniweni akabwera, amalephera kumupha.

Choncho munthu mmodzi yemweyo amakhala ndi chitetezo cholusa pamene sichikufunika, chofooka pamene chikufunika. Matenda akamakula, zonse ziwiri zimakulira limodzi. Ichi n'chifukwa chake nkhani ya "kukweza chitetezo" siyenda pa odwala awa, monga tifotokozere kutsogoloku pa funso la mankhwala okweza chitetezo.

Kodi aliyense amene ali ndi matenda a chiwindi ali pachiopsezo chofanana?

Ayi. Munthu amene ali ndi hepatitis B kapena mafuta m'chiwindi koma chiwindi chake sichinaume ali ndi chitetezo chofanana ndithu ndi cha anthu ena. Chiopsezo chimakwera cirrhosis ikayamba, ndipo chimakwera kwambiri pakabwera madzi m'mimba, chikasu kapena kutaya magazi. Amene agonekedwa m'chipatala posachedwa, amene ali ndi kapaipi ka mkodzo, ndi amene akumwabe mowa ali pamwamba pa onse.

Ndi matenda ati amene amakonda kugwira odwala cirrhosis?

Mwa odwala cirrhosis 100 alionse ogonekedwa m'chipatala, pakati pa 25 ndi 35 amafika ali ndi matenda a mabakiteriya kapena amawatenga ali komweko. Otsogola ndi tizilombo ta m'madzi a m'mimba ndi ta m'njira ya mkodzo. Kenako chibayo, matenda a pakhungu makamaka pa miyendo yotupa, ndi tizilombo tolowa m'magazi popanda gwero looneka. Mabakiteriya ambiri ndi a m'matumbo mwa wodwalayo, monga E. coli ndi Klebsiella. Odwala kwambiri amagwidwanso ndi mafangasi monga Candida ndi Aspergillus.

Kuopsa kwake si kwa tizilomboto tokha. Kafukufuku amene anasonkhanitsa zotsatira za m'zipatala zambiri, wofalitsidwa mu 2010, anapeza kuti matenda a tizilombo amachulukitsa kanayi chiopsezo cha imfa kwa odwala cirrhosis: pafupifupi 30 mwa 100 alionse anamwalira mwezi usanathe, ndipo enanso pafupifupi 30 chaka chisanathe. Ziwerengero zimenezi n'zowawa kuzilemba, koma zikuonetsa chifukwa chake kuchedwa sikuloledwa. Tizilombo ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimagwetsa mwadzidzidzi munthu amene amaoneka kuti akupeza bwino, impso, ubongo ndi mapapo n'kufooka motsatizana m'masiku ochepa.

Wodwala wathu sanatenthe thupi ngakhale pang'ono. Bwanji adokotala akuti ali ndi tizilombo?

Funso ili ndi lofunika kuposa onse pa tsamba lino. Kutentha thupi ndi ntchito ya chitetezo, ndipo chitetezo chotopa sichitenthetsa thupi nthawi zonse. Odwala cirrhosis ambiri thupi lawo limakhala lozizirirapo kuposa la anthu ena, moti kutentha kochepa kumene wina angakunyozere, kwa iwo n'kokwanira kuchititsa mantha. Zoyeza za m'magazi nazo zimanamiza. Maselo oyera akhoza kuoneka okwanira chifukwa anali ochepa kale n'kukwera pang'ono, ndipo CRP ikhoza kusakwera kwambiri chifukwa chiwindi chimene chimaipanga chafooka.

Nthawi zambiri tizilombo timadziwika ndi kusintha kwa munthuyo. Bambo amene dzulo amacheza bwinobwino lero akugona masana onse, usiku n'kumayendayenda m'nyumba. Akumanga mabatani a malaya molakwika. Mukawafunsa funso amayankha patapita kanthawi, kapena amayankha zina. Mukawauza kuti atambasule manja kutsogolo n'kutukula zikhatho, zikhathozo zimagwa n'kudzuka, kugwa n'kudzuka. Mkodzo wachepa ndipo wada. Mimba yakula msanga m'masiku awiri, maso awonjezera chikasu, chakudya akuchikana. Thupi lawo n'lozizira bwinobwino.

Wosamalira wodwala amaona zimenezi dokotala asanazione, chifukwa ndi iye amene amadziwa mmene munthuyo amakhalira masiku onse. Mukaona kusintha kotereku pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo kanenani momveka kuti wodwalayo ali ndi cirrhosis komanso kuti sali mmene analili dzulo. Musadikire kuti thupi litenthe.

Madzi a m'mimba angalowe bwanji tizilombo pamene palibe bala kapena chotupa chophulika?

Tizilombo timachokera mkati momwemo. Timadutsa khoma la matumbo, kulowa m'timaanabere ta m'mimba ndi m'magazi, n'kukathera m'madzi aja. Madzi a m'mimba mwa wodwala cirrhosis amakhala ndi mapuloteni ochepa, kuphatikizapo complement, choncho mulibe chotipha. Matendawa amatchedwa spontaneous bacterial peritonitis, mwachidule SBP, ndipo dokotala wa ku America, Harold Conn, ndi mmodzi mwa amene anawafotokoza bwino mu 1964.

Ena amamva kupweteka m'mimba, ena amatsegula m'mimba kapena kusanza, koma ambiri samva chilichonse kupatula zimene tatchula pa funso lapitali.

Akufuna kuboola mimba kuti atenge madzi. Kodi si zoopsa zimenezi?

Abale ambiri amakana, poopa kuti singano ilowetsa matenda kapena kuti madzi akachotsedwa amabwerera mwamphamvu. Mantha ake ndi omveka, koma choopsa kwambiri ndi kusayeza. Palibe njira ina yodziwira SBP. Dokotala amapukuta khungu ndi mankhwala, amabaya jakisoni wochititsa dzanzi m'munsi mwa mimba, kawirikawiri kumanzere, n'kukoka madzi pang'ono ndi singano yopyapyala. Zimatenga mphindi zochepa. Madzi opanda vuto amakhala achikasu owala, pamene okhala ndi tizilombo nthawi zambiri amaoneka mbuu, ngakhale kuti maso okha sakwanira kuweruza. Ku labotale amawerenga ma neutrophil. Akakwana 250 kapena kuposa mu kiyubiki milimita imodzi, chithandizo chimayamba pompo, ngakhale bakiteriya asanapezeke, chifukwa nthawi zambiri samera n'komwe poyeza.

Malangizo a akatswiri a chiwindi amati wodwala aliyense wa cirrhosis amene ali ndi madzi m'mimba ndipo wagonekedwa mwadzidzidzi ayezedwe madziwo mwamsanga, ngakhale wabwera ndi vuto lina. Kutaya magazi chifukwa cha kuboolaku sikuchitika kawirikawiri, ngakhale zoyeza za kuundana kwa magazi zitaoneka zoipa. Ndipo kutenga madzi sikuchititsa kuti abwerere. Amabwerera chifukwa chiwindi chikadali chouma.

SBP amachiza bwanji, nanga albumin amene akumutchula ndi wa chiyani?

Amapereka maantibayotiki a m'mitsempha, kawirikawiri ceftriaxone kapena cefotaxime, kwa masiku 5 mpaka 7. Ngati matendawo awatengera m'chipatala, amayamba ndi amphamvu kuposa amenewa, chifukwa mabakiteriya a m'chipatala nthawi zambiri samva mankhwala wamba. Pakatha maola 48 amatha kuyezanso madzi. Ma neutrophil akapanda kutsika ndi gawo limodzi mwa anayi, ndiye kuti mankhwala sakugwira kapena pali pena pamene matumbo abooka, ndipo zimenezo zimafuna njira ina.

Chimene chimapha odwala SBP ambiri ndi kufooka kwa impso. Albumin ndi puloteni imene chiwindi chathanzi chimapanga, ndipo imasunga madzi mkati mwa mitsempha kuti impso zilandire magazi. Kafukufuku wa ku Spain wa mu 1999 anayerekeza odwala amene analandira cefotaxime yekha ndi amene analandiranso albumin. Impso zinafooka mwa 33 pa 100 alionse a gulu loyamba koma mwa 10 okha a gulu lachiwiri, ndipo omwalira m'chipatala anatsika kuchoka pa 29 kufika pa 10 pa 100 alionse. Mlingo wake unali magalamu 1.5 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa munthu tsiku loyamba, ndi galamu 1 pa kilogalamu iliyonse tsiku lachitatu. Amene amapindula naye kwambiri ndi odwala amene impso kapena chikasu chawo chayamba kale kuipa.

Wodwala wasanza magazi. Bwanji akumupatsa maantibayotiki ngati kuti ali ndi chibayo?

Chifukwa mitsempha ya kummero ikaphulika, masiku otsatira ndi amene tizilombo timalowa kwambiri, ndipo tikalowa timachititsa kuti magazi ayambenso kutuluka. Kupereka ceftriaxone kuyambira tsiku lofika mpaka masiku osapitirira 7 kumachepetsa matenda, kutayanso magazi, ndi imfa. Chimbudzi chakuda bii ndi chizindikiro cha vuto lomweli, ndipo chimafuna changu chofanana ndi kusanza magazi.

Kodi n'zoona kuti ena amamwa maantibayotiki tsiku lililonse? Sizipangitsa kuti tizilombo tisamamve mankhwala?

N'zoona, ndipo nkhawa yanuyo ndi yoona. Munthu amene wachira SBP, akapanda kutetezedwa, pafupifupi 70 mwa 100 alionse amadwalanso chaka chisanathe. Choncho amapatsidwa norfloxacin, ciprofloxacin kapena cotrimoxazole tsiku ndi tsiku mpaka madzi a m'mimba atatha kapena atalandira chiwindi china. Ena amene sanadwalepo SBP amathanso kupatsidwa ngati mapuloteni a m'madzi awo ali pansi pa magalamu 1.5 pa desilita ndipo chiwindi kapena impso zafooka kwambiri, ngakhale kuti pa gulu ili akatswiri sagwirizana onse.

Kuipa kwake ndi mabakiteriya osamva mankhwala, amene akuchulukirachulukira pakati pa odwala cirrhosis m'mayiko ambiri, komanso kutsegula m'mimba koyambitsidwa ndi bakiteriya wotchedwa Clostridioides difficile. N'chifukwa chake kumwa maantibayotiki tsiku lililonse n'kwa magulu ochepa amene atchulidwawa. Kudzigulira maantibayotiki nthawi iliyonse mimba ikawawa n'koipa pawiri: kumaphunzitsa tizilombo kupirira, ndipo kumabisa SBP kuti isaoneke poyeza.

Ndi mankhwala ati amene wodwala cirrhosis ayenera kuwapewa?

Ochepetsa ululu a gulu la ibuprofen, diclofenac ndi indomethacin amatseka magazi opita ku impso ndipo amayambitsa kutaya magazi m'chifu. Maantibayotiki a gentamicin ndi anzake amawononga impso za odwala awa mosavuta. Mapiritsi ogonetsa monga diazepam amakulitsa kusokonezeka mutu.

Omeprazole ndi anzake, amene amachepetsa asidi wa m'chifu, amafunika kuwatchula paokha, chifukwa anthu amawamwa miyezi ndi miyezi popanda wowafunsa. Asidi wa m'chifu amapha mabakiteriya ambiri amene timameza. Akachepetsedwa, mabakiteriya amachulukana m'matumbo, ndipo kafukufuku wambiri wapeza kuti omwa mankhwalawa amadwala SBP kuposa ena. Ngati pali chifukwa chenicheni, monga zilonda za m'mimba, amwedwe. Ngati palibe, funsani dokotala ngati mungasiye.

Anthu ambiri amadabwa kumva kuti paracetamol ndi amene ali bwino pa ululu ndi kutentha thupi, bola asapitirire magalamu 2 patsiku ndiponso munthuyo asakhale akumwa mowa.

Pa hepatitis B, chimawononga chiwindi ndi kachilombo kapena chitetezo?

Kwenikweni ndi chitetezo. Kachilombo ka hepatitis B kamakhala m'maselo a chiwindi osawapha. Amene amawapha ndi maselo a chitetezo otchedwa T, pofuna kuchotsa kachilomboko. Munthu wamkulu akakatenga, chitetezo chimamenya mwamphamvu, mwina amadwala chikasu kwa milungu ingapo, koma oposa 95 mwa 100 alionse amakagonjetsa. Khanda likakatenga pobadwa, chitetezo chake chimakalekerera, mwana sadwala, koma pafupifupi 90 mwa 100 alionse amakhala nako moyo wonse. Pakapita zaka chitetezo chimayamba kulimbana nako, koma mosamaliza: chimavulaza chiwindi, n'kuleka, n'kuyambanso. Zipsera zimachokera m'nkhondo yosatha imeneyi.

Bungwe la World Health Organization linati mu 2022 anthu pafupifupi 254 miliyoni anali ndi hepatitis B yokhalitsa, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Njira yoyezera magazi inachokera ku zimene Baruch Blumberg anatulukira m'zaka za m'ma 1960, zimene analandira nazo mphoto ya Nobel mu 1976. Mankhwala a tenofovir ndi entecavir sachotsa kachilomboko kotheratu, koma amakaletsa kuswana, nkhondo ija imazirala, ndipo zipsera zimatha kuchepa pakapita zaka. Katemera woperekedwa kwa khanda pasanathe maola 24 chibadwire ndi amene amadula mzere wonsewu.

Ndikumva bwino tsopano. Kodi ndingasiye tenofovir?

Musasiye popanda dokotala, ndipo ngati muli ndi cirrhosis musasiye n'komwe. Mankhwala akaleka, kachilombo kamaswana mofulumira, chitetezo chimakalumphira mwamphamvu, ndipo chiwindi chouma sichipirira nkhondo yotero. Pali anthu amene amwalira m'miyezi yochepa atasiya.

Izi zikukhudzanso amene ali ndi HIV. Tenofovir ndi lamivudine, amene ali mu ma ARV ambiri, amagwiranso ntchito pa hepatitis B. Munthu amene ali ndi tizilombo tonse tiwiri akasiya ma ARV, kapena akasinthidwira ku mankhwala opanda tenofovir, chiwindi chikhoza kutupa mwadzidzidzi. Choncho n'kofunika kuyezetsa hepatitis B mankhwala asanasinthidwe.

Zomwezi zimachitika ndi mankhwala otsitsa chitetezo: a khansa, rituximab, kapena prednisolone wochuluka kwa nthawi yaitali. Kachilombo kamene kanagona zaka zambiri kamadzuka, ngakhale mwa munthu amene anauzidwa kuti anachira. Kuyezetsa musanayambe mankhwala oterewa, ndi kumwa entecavir kapena tenofovir ngati pakufunika, kumapewa ngozi imeneyi.

Ndinachira hepatitis C. Kodi ndiye kuti zonse zatha?

Kachilomboko katha. Kanadziwika mu 1989, ndipo Harvey Alter, Michael Houghton ndi Charles Rice analandira mphoto ya Nobel mu 2020 chifukwa cha ntchito imeneyi. Mapiritsi amasiku ano, monga sofosbuvir ophatikiza ndi daclatasvir kapena velpatasvir, amachiza oposa 95 mwa 100 alionse, kawirikawiri m'milungu 12. Koma kuchira sikusiya chitetezo: mukhoza kukatenganso, ndipo katemera wake kulibe. Ngati chiwindi chinali chitauma kale, kuunika ndi sikani miyezi 6 iliyonse pofufuza khansa kumapitirira.

Nanga likodzo limawononga bwanji chiwindi?

Apanso wovulaza ndi chitetezo. Nyongolotsi za Schistosoma mansoni ndi Schistosoma japonicum zimakhala m'mitsempha ya matumbo n'kumaikira mazira. Mazira ena amakokoloka ndi magazi n'kukakamira m'timitsempha ta m'chiwindi. Chitetezo chimazinga dzira lililonse ndi maselo, pamalopo n'kutsala chipsera. Pakapita zaka zipserazo zimapanikiza nthambi za portal vein. Kapamba amatupa, munthu amasanza magazi, koma maselo a chiwindi amakhala akugwirabe ntchito, moti chikasu ndi kusokonezeka mutu sizifulumira kubwera ngati pa cirrhosis. Praziquantel amapha nyongolotsizo. Likodzo likakumana ndi hepatitis B kapena C mwa munthu mmodzi, chiwindi chimawonongeka msanga.

Kodi wodwala chiwindi angamwe mankhwala a TB?

Inde, ndipo ayenera kumwa, chifukwa TB yosachizidwa imapha. Vuto ndi lakuti mwa mankhwala anayi oyambira, atatu amatha kuvulaza chiwindi: isoniazid, rifampicin, ndi pyrazinamide amene ali woopsa kuposa enawo. Kwa munthu wa cirrhosis yofika patali, dokotala amachotsa pyrazinamide, nthawi zina ndi ena, n'kuika monga levofloxacin pamodzi ndi ethambutol, ndipo chithandizo chimatalika. Uzani achipatala za chiwindi chanu musanamwe piritsi loyamba, ndipo mukaona kusanza kapena chikasu bwererani tsiku lomwelo.

TB imathanso kukhala m'mimba n'kubweretsa madzi. Madzi oterowo amakhala ndi mapuloteni ambiri ndi maselo oyera a mtundu wa lymphocyte, ndipo samva ceftriaxone. Ichi ndi chifukwa chinanso chololera kuti madzi ayezedwe.

Ndi katemera uti amene ndiyenera kulandira, ndipo amagwira ntchito?

Wa hepatitis A ndi wa hepatitis B ngati mulibe chitetezo chake, wa chibayo, wa chimfine cha fuluwenza chaka chilichonse, ndi wa COVID-19. Hepatitis A, imene munthu wathanzi amachira yekha, ikhoza kugwetseratu chiwindi chodwala kale. Katemera wa hepatitis B amatetezanso ku hepatitis D, kachilombo kamene sikangakhale popanda B.

Katemera amagwira ntchito, koma mphamvu yake imachepa cirrhosis ikamakula. Choncho nthawi yabwino ndi pamene matenda angodziwika kumene. Ena amafunika kuyezedwa magazi akamaliza katemera wa hepatitis B, n'kubwereza ngati thupi silinayankhe.

Kodi mankhwala azitsamba kapena mapiritsi "okweza chitetezo" angathandize?

Palibe amene waonetsedwa kuti amateteza odwala cirrhosis ku tizilombo. Monga tanenera pa funso la chitetezo chotsika ndi cholusa, vuto si kuchepa kokha, ndiye ngakhale chinthu chitakwezadi chitetezo, sizikutanthauza kuti chingathandize. Choopsa n'chakuti chilichonse chimene mwameza chimadutsa m'chiwindi, ndipo zitsamba ndi mapiritsi owonjezera ndi zina mwa zinthu zodziwika bwino zimene zimavulaza chiwindi. Zimawawa kuona banja likutaya chuma chake pa mabotolo otere pamene wodwala akuonda.

Chimene chimamangadi chitetezo ndi chakudya chokwanira. Kale odwala chiwindi ankaletsedwa mapuloteni poopa kusokonezeka mutu, koma zinapezeka kuti kuletsako kumangomaliza minofu. Masiku ano malangizo ndi magalamu 1.2 mpaka 1.5 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse patsiku, kudya pang'onopang'ono kangapo, ndi kudya kanthu musanagone kuti thupi lisadye minofu yake usiku. Chochepetsa ndi mchere, ngati muli ndi madzi m'mimba.

Ife osamalira wodwala tingatani kunyumba, ndipo tingatengere matendawa?

Cirrhosis ndi SBP sizipatsirana. Hepatitis B ndi C zimafala kudzera m'magazi, ndipo B imafalanso pogonana ndi pobereka, osati podyera limodzi kapena kugwirana chanza. Onse a m'nyumba mwa munthu wa hepatitis B ayezetse, opanda kachilombo alandire katemera, ndipo asabwerekane malezala kapena miswachi.

Kwa wodwalayo, samalani m'manja, madzi akumwa ndi kupsa kwa chakudya. Nkhono ndi zina za m'nyanja yamchere zosaphika n'zoletsedwa, chifukwa bakiteriya wotchedwa Vibrio vulnificus amapha odwala chiwindi m'masiku ochepa, ndipo amathanso kulowera pabala. Mkaka wosawiritsa ndi nyama ya nkhumba yosapsa bwino nazo apewe. Yang'anani miyendo yotupa tsiku lililonse, mpaka pakati pa zala, ngati pali kufiira, kutentha kapena kung'aluka. Mano ovunda achizidwe. Ngati anapatsidwa lactulose, mankhwala ofewetsa chimbudzi amene amathandiza pa kusokonezeka mutu, amwe mokwanira kuti azichita chimbudzi chofewa kawiri kapena katatu patsiku. M'chipatala, funsani ngati kapaipi ka mkodzo kakufunikabe, chifukwa tsiku lililonse limene kakhalamo limawonjezera chiopsezo.

Kodi chitetezo chingabwerere mwakale?

Chimatha kubwerera ndithu ngati choyambitsa chachotsedwa. Anthu ena amene anasiyiratu mowa, amene hepatitis B yawo yaponderezedwa ndi mankhwala, kapena amene achira hepatitis C, madzi a m'mimba amatha, albumin amakwera, ndipo matenda a tizilombo amachepa. Zimatenga miyezi kapena zaka, ndipo sizichitika kwa onse, makamaka ngati chiwindi chinauma kwambiri.

Amene sizinatheke, chotsala ndi kuikidwa chiwindi china, ndipo kudwala SBP ngakhale kamodzi ndi chifukwa chokwanira choyambira kukambirana zimenezi ndi dokotala kumene chithandizochi chimapezeka. Wolandira chiwindi amamwa mankhwala otsitsa chitetezo, monga tacrolimus, kwa moyo wake wonse kuti thupi lisachikane. Amakhalabe wofunika kusamala ndi tizilombo, ndipo saloledwa kulandira katemera wokhala ndi tizilombo tamoyo tofooketsedwa, monga wa chikuku, choncho katemera wotere amayenera kuperekedwa opaleshoni isanachitike.